A Kilomita ndi Tsamba Lomaliza

Loweruka lapitali tinamanga chiliza cha asibweni, ndiye kuti amalume kwa inu a kumwera, a Yotamu Msowoya, amene ku Hara konse ankadziwika kuti a Kilomita. Papita chaka chathunthu chimwalirireni. Pamwambowo anayankhula anthu asanu ndi mmodzi, ndipo onse ananama mwaulemu monga mwa mwambo. Wina anati malemu anali ofatsa. Wina anati sankakonda makani. Apa ndinaona mkazi wawo, a Nyakumwenda, atawerama, mapewa akugwedezeka, ndipo amayi a mvano anathamangira kukawatonthoza osadziwa kuti mayiwo akuseka.

Ine sanandipatse mpata woyankhula. Ndi zomveka. Pabanja pathu ndine amene ndinapita ku koleji n'kubwerako patatha chaka ndi theka ndi sutikesi, ketulo yamagetsi ndi maganizo ambirimbiri, koma wopanda pepala. Munthu wotere pamaliro ntchito yake ndi kunyamula mabenchi. Ndiye ndati zimene ndikananena ndizilembe, kuti mbiri isawonongeke ndi ulemu.

Asibweni anali woyang'anira madzi pa sikimu ya mpunga. Madzi amachoka kumtsinje n'kulowa m'ngalande yaikulu, ndipo m'mbali mwa ngalandeyo muli mageti achitsulo olowetsa madzi m'minda. Geti lililonse lili ndi tsiku lake ndi maola ake. Wotsegula ndi kutseka magetiwo ndi amene amadziwa kuti mpunga wa ndani umwa lero, wa ndani udikira mawa. Si mfumu, si m'busa, koma amanenedwa miseche kuposa onse awiri kuphatikiza. Ntchitoyi asibweni anaigwira zaka zoposa makumi awiri, jombo kuphazi, chisipanala chotalika ngati mkono paphewa. Chisipanalacho kunyumba chinali ndi msomali wakewake, ndipo mwana akachikhudza ankafunsidwa mafunso ngati waba nkhuku.

Dzina la Kilomita linabwera chifukwa sankayeza kanthu ndi maola kapena zaka. Ulaliki ukatalika ankatuluka m'tchalitchi akunena kuti abusa lero athamanga makilomita khumi ndi asanu popanda kumwa madzi. Ukawafunsa za ukwati wawo ankati ali pa kilomita ya makumi atatu, pamene pamaoneka munthu weniweni. A Nyakumwenda ankayankha kuti iwo anafika kale kumapeto, akungodikira mnzawo.

Gwero la zonsezi linali nyumba ya vidiyo ya pa Uliwa. Anthu abwinobwino amapita kumeneko kukaonera mpira. Asibweni ankapita kukanyengerera mwini wake kuti aike mpikisano wa anthu othamanga mtunda wautali, uja wa akatswiri a ku Kenya ndi ku Ethiopia. Maola awiri athunthu, anthu owonda akungothamanga, palibe chigoli, palibe ndewu. Oonera ankatuluka mmodzimmodzi mpaka m'nyumbamo mutatsala asibweni, mwini wake ndi ntchentche. Mayina a akatswiriwo sankawasunga. Ankawatchula kuti wamtali uja, kamayi kosaseka kaja, uja wa mano oyera. Akapeza chithunzi cha wothamanga pa nyuzipepala yokulungira chapati, ankachiwongola ndi nsimbi n'kuchimata pakhoma. Pabalaza pawo panali othamanga khumi ndi awiri, onse okhala ndi madontho a mafuta kumaso.

Kuchokera kwa anthu amenewa anatenga chiphunzitso chimene ankachigawa kwaulere kwa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Ankati katswiri amapambana mpikisano m'mawa umene kulibe womuombera m'manja, akuthamanga yekha m'mapiri a kwawo, agalu okha akumuona. Ankati wothamanga akagwa safufuza amene wamupinga; amadzuka, mlandu adzaukamba atafika. Ankatinso pa mtunda wina miyendo imayamba kupereka maganizo ake, ndipo munthu wanzeru amaimvetsera mwaulemu koma osachita zimene yanenazo. Pamwamba pa zonse panali lamulo lalikulu: osayamba ndi liwiro. Kuthamanga si kufika. Mwambi umenewu ankaunena kawirikawiri moti ana ena ankayesa kuti uli m'Baibulo.

Tsiku limene ndinabwera kuchokera ku koleji anandipeza pakhonde, sutikesi ili pambali.

“Muphwa, wamaliza?”

“Ndapuma kaye, asibweni.”

“Wapuma. Pa kilomita yachingati?”

“Sindinawerenge.”

“Enya. Amene amakwera galimoto ya odwala pakati pa mpikisano sawerenga.”

Sanandinyoze kuposa pamenepo. Anangotenga ketulo yanga, n'kuiyang'ana mbali zonse, n'kunena kuti ndi mendulo yabwino.

Tsopano ndifike pa nkhani imene oyankhula a Loweruka anailumpha. Chaka china alimi anakhazikitsa bungwe lawo, kunabwera malamulo olembedwa, ndipo limodzi linkati woyang'anira madzi akhale ndi satifiketi ya Fomu 4, popeza tsopano pankafunika kulemba malipoti ndi kupita kumaphunziro. Lamulo silinali loipa. Linangogwera munthu wa zaka makumi asanu ndi zinayi amene sukulu anasiyira Fomu 2, mafoni asanabwere. Wapampando wa bungwelo, munthu wachifundo, anati asibweni apume mwaulemu, alimi asonkhe awagulire mbuzi yothokoza. Asibweni anakana mbuzi. Anati akalemba mayeso.

“Ada Msowoya, pa msinkhu wanuwu mukakhale pa desiki ndi zidzukulu?” anafunsa wapampando.

“Pamzere woyambira safunsa zaka. Amangoona nambala pachifuwa.”

Anagwirizana pamaso pa anthu: alembe katatu. Akalephera kachitatu, chisipanala achipereke, ntchito apatsidwe wina wa pepala. Analemba m'buku, anthu anasaina, ndipo a Nyakumwenda anafunsa ngati mbuzi ija angaisunge kaye penapake.

Asibweni analowa makalasi a masana pa sekondale ina yoyendera, kumene amaphunzira obwereza ndi akuluakulu. Mphunzitsi amene anawatenga ngati katundu wake anali a Banda a ku Ntcheu, a masamu, munthu wamfupi wokonda malaya a manja aatali ngakhale kutentha kwa kuno kutafika poti abuluzi amapempha mthunzi. A Banda ankauza aliyense kuti mdalayo mutu uli bwino. M'kalasi ankayankha mafunso, ntchito yakunyumba ankabwera nayo yonse, ndipo pa phunziro la ulimi ankakonza mphunzitsi pamodzi ndi buku lomwe. Palibe amene ankakayika.

Tsiku la mayeso linafika. Anthu amene analipo amati asibweni anafika pasukulu kusanatenthe, n'kuyamba kudziwongola pansi pa mtengo wa mango: mwendo uwu, mwendo uwo, khosi, chiuno, kudumphadumpha, ana a yunifolomu atawazungulira. Anadya nthochi imodzi, namwa madzi pang'ono pang'ono. Atalowa m'chipinda n'kulandira pepala, anachita zimene akatswiri anawaphunzitsa. Sanapupulume. Ana atayamba kukanda mapepala ngati nkhuku pa dzala, iwo anamwetulira n'kuwamvera chisoni. Theka la ola loyamba anawerenga funso loyamba modekha, nalemba mizere ndi rula, nakonza mpweya. Kenako analemba, zilembo zokongola ngati za pa kalata ya ukwati. Woyang'anira mayeso atanena kuti aliyense aike cholembera pansi, asibweni anali pa funso lachitatu.

“Ndinali ndikungoyamba kutentha,” anatero madzulo ake, akuoneka ngati munthu amene basi yamusiya akumanga nsapato.

Mapepala onse anayenda chimodzimodzi. Zimene analemba zinali zolondola. Kungoti zinali zochepa.

Kuti mumvetse chifukwa chake munthu wanzeru ankaumirira zimenezi, ndikubwezeni m'mbuyo zaka zambiri, ine ndisanabadwe. Ali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, asibweni analowa mpikisano wothamanga umene unachitika kuno pa tsiku lina la chikondwerero. Mluzu utangolira anachoka ngati wakuba amene wamva dzina lake. Anasiya anzake onse kutali, opanda nsapato, atsikana akuimba nthungululu m'mbali mwa msewu. Anatsogola mpaka pa mlatho. Pamlathopo dziko linada, miyendo inapita kwawo, ndipo anabwera nawo pa ngolo ya ng'ombe atagona pa matumba a chinangwa. Amene anapambana anali kamunthu kena ka ku Lupembe kamene poyamba kanali kumbuyo kwenikweni. Pakati pa atsikana oonerera panali a Nyakumwenda, ndipo mpaka lero amati anavomera ukwati chifukwa anaona kuti munthu uyu akasiyidwa yekha adzafera pamsewu. Asibweni sanalowenso mpikisano wina. Koma tsiku limenelo analumbira kuti sadzayambanso kanthu ndi liwiro, ndipo lumbiro lawo analisunga pa chakudya, pa pemphero ndi pa mayeso.

Chaka chachiwiri anati aona pamene panalakwika. Kuyamba pang'onopang'ono kunali bwino, chimene chinasowa ndi liwiro lakumapeto, lija akatswiri amatulutsa akaona bwalo. Ndiye anakonza kuti mphindi khumi ndi zisanu zomaliza alembe mafunso onse otsala. Nthawi itakwana anatsika nalo liwiro. Dzanja la munthu wozolowera chisipanala linapirira mphindi zinayi, kenako linakokana, zala n'kuuma ngati mphanda, cholembera n'kuulukira pa desiki ya mtsikana wa kutsogolo. Chaka chimenecho anakhoza maphunziro awiri okha. Pamafunika asanu ndi limodzi.

Apa ndiye anthu anayamba kulankhula. Akafika pa geti, mlimi wina ankafuula ali m'matope kuti, “A Kilomita, madzi athuwa musawayambe pang'onopang'ono, mpunga ulibe chaka chobwereza!” Kunyumba a Nyakumwenda ananena poyera kuti mbuzi ija ikanakhala itaswa kawiri. Asibweni ankangomanga jombo molimba kuposa kale. Ine, monga katswiri wa nkhani zosiya sukulu, ndinapita kukawapatsa uphungu woti kusiya sikupweteka monga anthu amanenera. Anandithokoza kwambiri n'kundituma kukamwetsa ng'ombe.

Amene anapsa mtima kwenikweni anali a Banda. Anabwera kunyumba Loweruka lina, n'kukhala pansi pa zithunzi za othamanga zija, tiyi osamukhudza.

“Bambo Msowoya, inu simukulephera mayeso. Mukungowasiya pakati.”

“Aphunzitsi, kuthamanga si kufika.”

“Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.”

“Umenewo ndi mwambi wa ku Ntcheu, kumene kulibe mchenga.”

“Mayeso si mpikisano wanuwo, bambo.”

“Yayi, zonse ndi mpikisano. Taonani anthu awa,” anatero akuloza khoma. “Munaonapo mmodzi akuyamba ndi phuma? Amachoka bwinobwino, ngati akupita kukagula mchere.”

A Banda anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti mpikisanowo ndi wa makilomita angati, ndipo akatswiriwo amaumaliza nthawi yaitali bwanji. Asibweni anayankha monyadira kuti makumi anayi ndi awiri, m'maola awiri ndi timphindi pang'ono. A Banda anatulutsa cholembera, nalemba kanthu pachikhatho, n'kuseka kamodzi kokha, kuseka kwa munthu amene wapeza njoka imene yakhala ikudya mazira.

“Mawa tikatuluka m'tchalitchi tikakumane pa geti lachitatu. Bwerani ndi nsapato zothamangira.”

Nkhani inamveka, moti tsiku la Mulungu masana theka la mudzi linali m'mbali mwa ngalande. A Banda anabwera pa njinga, atapinda buluku ndi zopanira zovala. Anafotokoza ngati ali m'kalasi kuti, malinga ndi masamu, akatswiri aja kilomita iliyonse amaidutsa m'mphindi pafupifupi zitatu, kuyambira yoyamba yeniyeniyo. Kuchokera pa geti lachitatu mpaka pa kalavati yaikulu anali atayeza kilomita imodzi. Iwo apalasa njinga pa liwiro la kogula mchere lija, asibweni angowatsatira. A Nyakumwenda anapatsidwa foni kuti asunge nthawi.

“Awiske Tiyezge, mukagwa kulibe ngolo lero,” anachenjeza amuna awo powatchula ndi dzina la mwana wawo. “Ng'ombe zili kudambo.”

Anayamba. Njinga inachoka ngati yabedwa. Asibweni anafuula kuti aphunzitsi akubera, koma a Banda anangoloza kutsogolo. Mdalayo anatsika nalo liwiro lonse limene analisunga kwa zaka zoposa makumi atatu ndi zisanu. Ndikunena zoona, anathamanga. Malaya anauluka, abakha anathawira m'madzi. Koma njinga inkangocheperachepera, ndipo asanafike ndi pa mtengo wa mgwalangwa pomwe, umene uli pafupi kwambiri moti sindikufuna kutchula mtunda wake polemekeza malemu, anaima, nagwira mawondo, n'kukhala pansi m'fumbi. A Banda anafika pa kalavati, a Nyakumwenda n'kulengeza kuti zakwana mphindi zitatu ndi timasekondi. Anabwerera akukankha njinga, nawonso ali wefuwefu.

Anthu ankaseka, koma asibweni sankawamva. Mpweya utabwerera anafunsa motsitsa mawu.

“Aphunzitsi, chonchi? Kuyambira poyamba?”

“Kuyambira poyamba, bambo. Kokwana makumi anayi ndi kawiri.”

“Nkhope zili phee choncho?”

“Nkhope zili phee.”

Anapukusa mutu. “Zaka zonsezi ndakhala ndikuonera nkhope. Miyendo sindinaiyang'ane.”

Masiku awiri ankangotsegula mageti, kutseka, kubwera kunyumba, kukhala moyang'anana ndi khoma ngati akudikira kuti mmodzi wa othamangawo apepese. Tsiku lachitatu, pa chakudya cham'mawa, anayamba kufotokozera mkazi wawo zimene anapeza. Anati anthu aja sachedwa ndipo sapupuluma. Kilomita iliyonse amaipatsa mphindi zake, yoyamba ndi yomaliza chimodzimodzi, popanda kukondera. N'chifukwa chake amangoyang'ana pa mkono. Iwo ankayesa kuti akuonetsa mawotchi.

A Nyakumwenda anapitiriza kusenda chinangwa. “Si zimene mumachita ndi mageti zimenezo? Lililonse maola ake, ngakhale mwini munda alire?”

Asibweni pambuyo pake ankauza anthu kuti mfundo imeneyi anaitulukira okha, ndipo a Nyakumwenda anawalekerera, popeza m'banja mumafunika mtendere.

Maphunziro a chaka chachitatu anachitikira pa nsanja yoingira mbalame, miyezi ija mpunga ukucha. Akamaliza mageti ankakwera pansanjapo ndi mapepala a mayeso akale amene a Banda anawasonkhanitsira. Pansi pankakhala a Nyakumwenda ndi foni, chivindikiro cha poto ndi supuni yaikulu. Mphindi za funso zikatha, ngwee! Chivindikiro chikalira, funsolo latsekedwa ngati geti, kaya chiganizo chili pakati, kaya yankho lokoma langobwera kumene m'mutu.

“Nyakumwenda, mawu awiri okha!”

“Madzi apita kwa ena, ada.”

“Ndiwe mkazi wouma mtima chomene.”

“Ngwee!”

Zilembo za pa kalata ya ukwati zinatha, kunabwera zilembo za dokotala. Dzanja ankalilimbitsa polemba masamba anayi tsiku lililonse, ngakhale tsiku la maliro, ngakhale tsiku limene malungo anawagwira n'kumalemba akunjenjemera m'bulangeti dzuwa lili pamutu. Tsiku limenelo ndinawauza kuti apume. Anati dzanja layamba kupereka maganizo ake, ndipo ine ndikuoneka kuti ndili mbali yake. Mbalame za chigawo chimenecho zinaonda, chifukwa sizinkapeza mpata pakati pa kulira kwa chivindikiro ndi kudandaula kwa wophunzira.

Vuto linali limodzi. Maso a asibweni sankaona bwino wotchi ya pakhoma, ndipo akayamba kulemba ya pa mkono ankaiiwala. Anazolowera kumva ndi makutu. Choncho banjalo linapanga upo: pa tsiku la mayeso a Nyakumwenda akakhale kunja kwa mpanda wa sukulu ndi beseni la chapati ndi nthochi ngati ogulitsa ena onse, chivindikiro chili m'chitenje.

Pepala loyamba linali la Chingerezi, phunziro limene ukalephera satifiketi palibe ngakhale ukhoze ena onse. Ine ndinaliko, pa udindo wanga wodya nthochi zimene zinali zitayamba kuda. Belu la sukulu linalira, kunakhala bata. Mphindi za funso loyamba zitakwana, ngwee! Wapolisi amene ankalondera mayeso, mnyamata wa ku Mulanje wa nsapato zowala, anatembenuka. Kachiwiri kulira, anabwera.

“Mayi, chikuchitika n'chiyani apa?”

“Akhwangwala, bwana. Akufuna chapati.”

Wapolisiyo anayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale gulugufe.

“Akhwangwala anuwo amabwera pa mphindi zowerengeka?”

“Ndi a kuno, bwana. Amasunga nthawi.”

Mnyamatayo analuma mlomo kuti asaseke, koma dzanja anatambasula. A Nyakumwenda anaona kuti bodza lathera pomwepo, ndiye ananena zoona zonse: za mageti, za chisipanala, za chaka chachitatu. Wapolisiyo anamvetsera mpaka kumapeto.

“Mayi, ndamva, ndipo bambowo ndawaona, aja amadumphadumpha pansi pa mango. Koma phokoso lililonse lochokera kunja lolowa m'chipinda muja ndi mlandu. Akhoza kuwachotsa mayeso onse chifukwa cha chivindikiro. Ndipatseni, mudzatenga akatuluka.”

Anapereka chivindikiro, ndi supuni yomwe. Ola lonse limene linatsatira a Nyakumwenda ankangoyang'ana foni, mphindi zikakwana mkono n'kudzuka wokha, n'kumenya mpweya. Munthu anabwera kudzagula chapati, iwo anamupatsa nthochi.

Zimene zinachitika m'kati tinazimva kwa mwini wake, kokwana mwina mazana awiri m'zaka zotsatira. Anati ali pa gawo lachitatu anadikira kulira kwachitatu. Sikunabwere. Anaona ngati ali pa mlatho paja, dziko likuyamba kuda. Anaganiza zodzutsa dzanja kufunsa nthawi, koma poyang'ana pansi anapeza kuti dzanjalo lili kalikiliki, latseka kale funso lija palokha n'kuyamba lotsatira. Miyezi ya pa nsanja inali italowa m'zala. Ndiye anangolisiya, iwo n'kumatsatira pambuyo. Geti, geti, geti. Kenako anatembenuza tsamba n'kupeza kuti kumunsi kwake kuli mawu a zilembo zazikulu onena kuti mafunso athera pamenepo.

“Muphwa, zaka zitatu ndikulemba mayeso, sindinkadziwa kuti kumapeto amalembako mawu. Ndinkayesa kuti pepala limangopitirira mpaka ku Songwe.”

Anawerenga mawuwo kawiri. Kenako munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri anaimirira pakati pa chipinda cha mayeso, nakweza manja onse awiri m'mwamba, chifuwa patsogolo, monga amachitira akatswiri podula chingwe. Woyang'anira mayeso, mayi wa ku Zomba, anathamanga poganiza kuti mdalayo wagwidwa ndi matenda.

“Bambo, mwatani?”

“Ndafika, madamu.”

“Khalani pansi, kwatsala mphindi zisanu ndi imodzi.”

Anakhala. Mphindi zimenezo sanadziwe chochita nazo, poti anali asanakhalepo nazo chibadwire.

Chivindikiro sichinapitenso kusukulu. Mapepala otsala onse anawaona kumapeto kwake. Zotsatira zitatuluka, dzina lawo linali pa mndandanda wa okhoza, chakumunsi, pafupi ndi pamene pepala limamatidwa. Anakhoza mokwawa, maphunziro asanu ndi limodzi enieniwo, popanda lotsala loti n'kubwereka mnzako. A Banda ankafuna kufotokoza kuti mapointi ake si oti n'kupita nawo patali, koma asibweni anati amene wafika wa nambala mazana atatu amadutsa mzere womwewo umene wadutsa woyamba. Anapita kumsonkhano wa bungwe ndi satifiketi m'pulasitiki, naiika patebulo pambali pa chisipanala, nadikira kuti wapampando awerenge mokweza, kenako anatenga zonse ziwiri n'kutuluka chifukwa inali nthawi ya geti lachisanu.

Anagwiranso ntchitoyo zaka zisanu ndi chimodzi. Malipoti awo ankafika pa tsiku lake, m'zilembo zimene mlembi wa bungwe ankabwera nazo kwa a Nyakumwenda kuti amuwerengere. Makani sanasiye. Anakangana ndi alangizi, ndi abusa, ndi mwini vidiyo, ndipo m'chipatala, sabata yawo yomaliza, anakangana ndi namwino pa nkhani ya liwiro la diripi.

Amene anatenga ntchitoyo ndi munthu wabwino, wa mapepala okwanira, ndipo amayenda pa njinga yamoto. Madzi akuyenda. Palibe amene angadandaule.

Koma kumchira kwa sikimu, kumene ngalande imatheratu n'kusanduka kamfuleni kopyapyala, kuli kachipupa ka simenti kotalika kufika m'mawondo. Minda ya kumeneko ndi ya anthu amene alibe mawu pamsonkhano, ndipo madzi amafikako pomalizira, nthawi zina atatopa. Dzulo mayi wina wolima kumeneko anandiuza chimene ine, wachibale, sindinkachidziwa: tsiku lililonse la chigawo chawo, asibweni akatsegula geti ankayenda wapansi mpaka kumeneko, n'kukhala pa kachipupako, osachoka mpaka ataona ndi maso awo madzi akulowa m'munda womaliza. Palibe lamulo limene linkawauza kutero.

Ndinapitako masana ano. Pamwamba pa simentiyo pali malo osalala, akuda pang'ono, kukula kwake ngati mbale ziwiri. Udzu wayamba kukwera m'mbali, ndipo mbuzi zasiyapo zizindikiro zawo. Palibe mthunzi ngakhale wa chala. Madzi anali asanafike. Ankamveka chapatali, akubwera mwa nthawi yawo. Ndinakhala pamalo osalalawo kuti ndiwadikire. Simenti ya ku Karonga masana imawotcha ngati chiwaya, ndipo ndinapirira mphindi zinayi.

Chigawo chimenecho chimwanso Lachisanu. Ndikayesa zisanu.